Galasi likhale kumanja, koma yambani mwayang'ana mabuleki

Bambo wina wa ku Ngabu, amene amachita kabaza, anditumizira imelo. Njinga yawo ndi yakale ija ya mabuleki a ndodo, ndipo agula handulo yowongoka yochotsedwa pa njinga ya pa kaunjika. Akufunsa ngati ingakwane, komanso kuti galasi aliike pati, chifukwa limene ali nalo limangowaonetsa chigongono chawo ndi phewa la wokwera.

Achimwene, handuloyo musaimange kaye. Pa njinga za mabuleki a ndodo, monga Humber, Phoenix ndi Hero zakale, handulo inalumikizidwa ndi khosi lolowa mu foloko, ndipo zogwirira mabuleki zimadutsa m'timabowo ta pa handulo pomwepo. Mukaichotsa, mabuleki onse awiri apita nayo. Handulo yowongoka imafuna khosi lakelake ndi mabuleki a waya. Vuto lina lili pa limu. Mabuleki a waya amafinya limu m'mbali, pamene a ndodo amakoka labala kuti igwire limu cha mkati, kufupi ndi masipoko. Malimu a mainchi 28 a njinga zimenezi alibe mbali yosalala yoti labala ya buleki ya waya igwirepo bwino. Mudzapezeka mukusintha khosi, mabuleki ndi malimu omwe, kapena mukuimitsa njinga ndi chidendene pa tayala, munthu ali kumbuyo. Pa M1 zimenezo ayi.

Ndiponso pa ntchito yanu handulo yopindikira kumbuyo ndiyo yabwino. Chigwa chathu chino ndi chathyathyathya, kuchokera pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje. Yowongoka imathandiza pokwera phiri ngati la Thabwa, chifukwa imakuweramitsani. Inu mumapalasa tsiku lonse pa dzuwa la October, ndipo kuwerama kumaunjika thupi lonse m'manja mpaka zala kuchita dzanzi. Mukakhala mowongoka msana umapuma, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi ngolo mumaziona zikadali patali.

Kwa amene njinga zawo ndi za waya kale, kusintha n'kotheka, bola muyeze kunenepa kwa handulo. Pakati pa handulo pamakhala mamilimita 25.4 pa njinga zambiri zakale, ndi 31.8 pa zatsopano. Yaing'ono musaikwanitse ndi zidutswa za chitini, idzatembenuka tsiku lomwe mwanyamula katundu wolemera. Pogwira pamakhala 22.2, koma pa handulo yopindira pansi ya njinga za mpikisano ndi 23.8, ndiye zogwirira mabuleki sizisinthanitsika. Mukamanga, pindani handulo mbali zonse mpaka kumapeto muone ngati waya sakukokeka, ndipo mzere wolembedwa pa khosi, wosonyeza malire okwezera khosilo, usaonekere kunja.

Tibwere ku galasi. Kuno timayenda kumanzere, galimoto zimatidutsa kumanja, choncho galasi loyamba likhale kumanja. Lakumanzere limathandizako pa msika ngati wa Nchalo, pomwe njinga zamoto zimalowerera mbali iliyonse, koma ngati ndalama ikukwana limodzi, musavutike nalo.

Lanu likukuonetsani chigongono chifukwa lili pafupi kwambiri ndi pakati. Lisendezeni chakunja, pafupi ndi pogwira, ndipo ndodo yake ipendekere kunja, isaloze kumwamba, kuti galasilo lipitirire phewa lanu. Pa mabuleki a ndodo finyani buleki mpaka kumapeto muone ngati chogwirira sichikugunda chomangira galasi. Ambiri saona zimenezi mpaka tsiku lofuna kuima mwadzidzidzi.

Musalikonze njinga ili yopanda kanthu. Kwezani munthu pa kaliyala, makamaka mayi wokhala chammbali, kapena mangani thumba la mpunga kaya la thonje monga mumachitira. Mnzanu aime kumbuyo mapazi ngati makumi awiri, chakumanja pang'ono, pomwe pamadutsa galimoto. Khalani pa chishalo, manja onse pa handulo, ndipo tembenuzani galasi mpaka mnzanuyo aoneke pakati, dzanja lanu lingooneka pang'ono m'mphepete. Kenako mangani. Pansi pa chomangira kulungani kachidutswa ka chubu chakale kuti lisamatsetsereke, ndipo kamachepetsanso kunjenjemera m'misewu ya fumbi ngati ya ku East Bank. Ndodo yaitali kwambiri imagwedera mpaka simuona kanthu, ndiye sankhani yongokwanira kudutsa phewa. Chomangira chikhale chachitsulo. Pulasitiki ndi dzuwa lakuno sizigwirizana, imauma n'kusweka.

Galasi lotukuka pakati limaonetsa malo ambiri, ndipo ndilo ndimalimbikitsa, koma limachepetsa zinthu, moti galimoto imaoneka ngati ili kutali pomwe yafika kale. Nyengo yodula nzimbe muzisamala ndi malole. Mutu wa lole ukakudutsani musabwerere msanga pa tala, chifukwa ngolo yake ikubwera, nthawi zina ziwiri, ndipo mphepo yake imakoka njinga. Pokhotera kumanja yang'anani pagalasi, cheukani ndithu, kenako tambasulani dzanja.

Handulo mwagulayo mukhoza kuisinthanitsa kwa okonza njinga pamsika ndi malabala atsopano a mabuleki ndi galasi la chomangira chachitsulo.