Funsani amakaniko: kodi a Toyota amatikumbuka ife a kunyanja?

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo onse akudandaula za zinthu zomwe kampani ya Toyota idasintha pa galimoto zake. Galimoto zambiri zomwe timagula ngati kaunjika kuchokera ku Japan adazipangira munthu woyenda pa tara wosalala, kozizira, yemwe amaigulitsa isanakalambe. Zina mwa zosinthazo n'zabwino kwa ife, zina zimatidyera ndalama.

Funso: Ndili ndi Sienta ya 2012 yomwe imanyamula anthu pakati pa Mangochi boma ndi Namwera. Giyabokosi yayamba kulira ngati mluzu, ndipo ponyamuka galimoto imanjenjemera. Anzanga akuti a Toyota adalakwitsa kusiya giyabokosi yakale n'kuika CVT. Kodi n'zoona? — Dalaivala wa ku Namwera

Achimwene, anzanuwo akunena zoona pang'ono. A Toyota adasankha CVT chifukwa imapulumutsa mafuta, ndipo wogula wa ku Japan amayang'ana zimenezo. M'kati mwake mulibe magiya osinthana monga mu otomatiki yakale. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri omwe amatseguka ndi kutsekeka, ndipo mphamvu yonse ya injini imadutsa pomwe lambayo wagwira pule. Sienta ili ndi mipando 7. Mukakweza anthu 11, matumba a chimanga pamwamba, n'kuyamba chitunda cha Chowe masana a mwezi wa October, oyilo wa m'giyabokosi amatentha koopsa, amasanduka madzimadzi, ndipo lamba amayamba kuterereka. Akaterereka amakanda mapule, tizitsulo timagwera mu oyilo, ndipo kulira mukukumvako ndi mabelingi kapena pampu yomwe yayamba kudya tizitsuloto.

Chomwe ife timawadzudzulira a Toyota si CVT yeniyeniyo ayi, koma kuchotsa kachitsulo koyezera oyilo pa magiyabokosi ambiri amtunduwu, zomwe zapangitsa anthu kukhulupirira kuti oyilo wake sasinthidwa. Kuno timalangiza kusintha pa makilomita 40,000 aliwonse, ndipo kwa galimoto yonyamula anthu ngakhale asanakwane.

Oyilo wake ndi wa CVT basi. Magiyabokosi akale a Toyota amafuna CVT Fluid TC, atsopano amafuna CVT Fluid FE, ndipo pa ambiri dzinalo lidalembedwa pa bawuti yothirira. Oyilo wofiira wa otomatiki wamba, yemwe amagulitsidwa m'mabotolo pa depoti, amapha CVT chifukwa lamba samagwira naye.

Posintha, galimoto iime pamalo osapendekeka. Mukatsegula pansi mumangotuluka malita awiri kapena kuposa pang'ono, pomwe giyabokosi yonse imasunga oposa 7, ndiye musadabwe. Yezani otulukawo mu chigubu chokhala ndi mizere, ndipo thirani ofanana nawo. Chotsaninso chibeseni cha pansi, mutsuke maginito ake, muone sefa. Phulusa losalala ngati makala osinja pa maginito si vuto, koma mukapeza tizitsulo tonyezimira tobaya chala, lamba wayamba kutha ndipo oyilo watsopano sangamubwezeretse. Mukatha, lizani injini, dutsani P, R, N ndi D mwapang'onopang'ono, kenaka tsegulani bawuti yoyezera injini ili chilirire, oyilo ali pakati pa madigiri 35 ndi 45, mpaka azingodontha. Kutenthako kumawerengedwa ndi kompyuta yoyezera galimoto. Ku Mangochi ntchito imeneyi ichitike m'mamawa, galimoto itagona usiku wonse, chifukwa masana a chilimwe oyilo amadutsa madigiri 45 makaniko asanagwire n'komwe sipanala. Musalole kuti akupopereni oyilo ndi makina pa giyabokosi yomwe sidasinthidwepo, poti litsiro limatakasika n'kukatseka mavavu. Ndi bwino kukhuthula ndi kuthira kawiri, motalikiranako makilomita 1,000.

Potsika Chowe ikani pa S kapena B kuti injini ithandize mabuleki. Ndipo galimoto ikaima pa chitunda, igwireni ndi buleki, osati ndi faya.

Funso: Ndagula Aqua ndipo ndapeza kuti ilibe tayala la sipeya. Muli kabotolo ka guluu ndi kapampu. Kodi andibera pa doko? — Mayi wa ku Monkey Bay

Sadakubereni, mayi. Galimoto zambiri zazing'ono za ku Japan zimatuluka choncho ku fakitale. Kampani imachotsa sipeya pofuna kupeputsa galimoto ndi kutsitsa mtengo, ndipo ku Japan woyendetsa akaphulitsa tayala amangoimba foni, omuthandiza n'kufika. Kuno chisankho chimenechi n'choipa, palibe chochitchinjirizira. Guluuyo amatseka kabowo ka msomali kosaposa mamilimita 4, ndipo kakhale pamene tayala limaponda pansi. Zomwe zimapha matayala kwathu ndi m'mphepete mwa tara modyeka ndi maenje akuthwa, ndipo zimenezi zimang'amba m'mbali mwa tayala, momwe guluu sagwira. Onaninso deti pa botolopo: guluu amatha mphamvu pakapita zaka zingapo, ndiye m'galimoto ya 2014 mwina adauma kalekale.

Gulani limu ndi tayala. Aqua yoyamba ili ndi mabowo anayi a muyeso wa 4x100, wofanana ndi Vitz komanso Sienta yakale, koma Sienta yoyambira 2015 ili ndi mabowo asanu, 5x100, ndiye limu lake silingalowe. Muyeso wa tayala ufanane ndi womwe walembedwa pa chomata cha pa chitseko cha dalaivala. Mukapeza sipeya yopyapyala ija, imafuna mpweya wa 420 kPa ndipo musapitirire nayo liwiro la 80. Yang'ananinso ngati jeki ndi sipanala ya matayala zilimo. Manati amangidwe pa 103 Nm, osati kuwadumphira ndi phazi pa paipi, poti mabawuti amaduka. Kapampuko musakataye, n'kothandiza kwambiri pa msewu wa ku Chembe.

Funso: Makampani ena akuthamangira galimoto za magetsi okhaokha, koma Toyota yakakamira ma hybrid. Kodi si kutsalira kumeneku? Nanga batire la hybrid lingapirire kutentha kwa kuno? — Mphunzitsi wa ku Malindi

Aphunzitsi, apa ife tili kumbali ya Toyota pa nkhani ya hybrid, galimoto yoyendera injini ya mafuta pamodzi ndi mota ya magetsi. Kampaniyi idayamba kugulitsa Prius mu 1997, ndipo galimoto yake ya magetsi okhaokha yotchedwa bZ4X idatuluka mu 2022, anzake atapita kale patsogolo. Mu January 2024 wapampando wake, Akio Toyoda, adanena kuti galimoto za batire lokha sizidzaposa 30 peresenti ya msika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti anthu ambiri padziko alibe magetsi. Ambiri adamunyoza. Koma taganizani za kwathu: magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tonse tidaona mdima wake. Munthu wa ku Makanjira galimoto yofuna kutchaja akaitchaja kuti? Hybrid imadzitchaja yokha poyenda ndi pogwira buleki, ndipo pa nthawi ya mizere ya mafuta lita iliyonse imakufikitsani patali.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti giyabokosi ya hybrid ya Toyota, ngakhale amaitchula kuti e-CVT, ilibe lamba uja wavutitsa achimwene a ku Namwera. Muli magiya ozungulirana ndi mamota awiri, oyilo wake ndi ATF WS, ndipo kawirikawiri sivuta.

Chovuta ndi batire, ndipo mdani wake ndi kutentha. Batire la Aqua yoyamba, yomwe idatuluka mu 2011, lili pansi pa mpando wakumbuyo. Lili ndi zigawo 20 za mavoti 7.2 chilichonse, zonse pamodzi mavoti 144. Limazizira ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto, womwe kafani kamakoka kudzera pa kabowo ka m'munsi mwa mpandowo. Apa ndiye pomwe a Toyota sadatiganizire, chifukwa kabowoko kali pomwe wokwera amaika chikwama, pomwe chitenje chimagwera, pomwe mchenga wa kunyanja umasonkhana. Mukatsegula fani ya galimoto yomwe yayenda chaka chimodzi m'misewu yafumbi mumapeza mapiko ake atamatidwa ndi fumbi losakanikirana ndi ulusi ndi tsitsi, ngati chisa cha mbewa. Fani yotere imazungulira koma siikankha mpweya. Kabowoko kazitsukidwa mwezi ndi mwezi, faniyo kamodzi pachaka. Yatsani eyakoni masana, chifukwa mukazizira inu batire lazizira nalo, ndipo imikani galimoto pamthunzi. Ndowa ya nsomba yokhala ndi madzi kapena ayezi isakhale pa mpando wakumbuyo.

Ikayaka nyali yochenjeza ndipo kompyuta yawerenga P0A80, nambala yosonyeza kuti batire la hybrid lafooka, musathamangire kugula batire lonse, komanso musangofufuta nambalayo. Kompyuta imaonetsa zigawozo ziwiriziwiri, magulu 10. Gulu limodzi likamatsalira anzake ndi voti imodzi kapena kuposa galimoto ikukoka, ndiye kuti selo imodzi ya mavoti 1.2 yafa m'menemo. Kusintha chigawo chimodzi kumathandiza kwa miyezi, koma zinzake n'zokalamba chimodzimodzi, ndiye yambani kusunga ndalama. Mawaya achikasu chofiirira asagwiridwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi: pamafunika magolovesi a magetsi, kuzula pulagi yotetezera, ndi kudikira mphindi 10.

Pali zolakwika zitatu zomwe zikupha ma hybrid kuno. Ena petulo akatha amapitiriza kuyenda ndi batire mpaka litatheratu, ndipo popeza batire lomwelo ndi lomwe limadzutsa injini, galimoto siidzukanso ngakhale muthire mafuta. Ena podzadzitsa gasi wa eyakoni amalola oyilo wamba wa kompuresa, pomwe kompuresa ya hybrid ndi ya magetsi ndipo imafuna ND-11. Oyilo wina amadutsitsa magetsi, galimoto n'kukana kuyaka. Ena amathira madzi a pa mjigo m'kabotolo koziziritsa inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mamota), momwe muyenera kulowa madzi apinki a Toyota okha.

Funso: Ndamva kuti Vitz ndi Passo adasiya kupanga. Kodi masipeya asowa? — Wowerenga wa ku Chiponde

Vitz sidafe, idangosintha dzina. Kuyambira 2020 ku Japan imatchedwa Yaris, dzina lomwe maiko ena ankaligwiritsa kale ntchito. Passo ndiye adaisiyadi mu 2023. Inkapangidwa ndi Daihatsu, kampani yomwe Toyota idaigula yonse mu 2016, ndipo mu December 2023 Daihatsu idaimitsa kaye kutumiza galimoto zake zitadziwika kuti idachita chinyengo pa mayeso a chitetezo okhudza mitundu 64. Nkhaniyi idatikhumudwitsa, chifukwa munthu wogula galimoto ya chizindikiro cha Toyota amakhala akugula kukhulupirika. Koma za masipeya musade nkhawa. Injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu ili mu Passo, Vitz, Belta ndi Daihatsu Boon, ndipo zidapangidwa zambirimbiri. Pogula sipeya tengani nambala ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha.

Funso: Hilux yanga ya 2017 idachokera ku UK. Ndimangoyenda nayo m'tauni, kuchoka kunyumba kupita ku ofesi kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Nyali ya DPF ikuyakayaka ndipo mphamvu zikuchepa. D-4D yakale inalibe zimenezi. Adaikiranji? — Bambo wa ku Mangochi boma

Bambo, adakakamizidwa ndi malamulo a utsi a ku Ulaya, Japan ndi Australia. Mu 2015 Hilux ya m'maiko ambiri idasiya injini zakale za D-4D, 2KD ndi 1KD, n'kutenga 2GD ya malita 2.4 ndi 1GD ya 2.8. Pali zomwe adakonza bwino: injini zatsopanozi zili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa taimingi yemwe ankafuna kusinthidwa pa makilomita 150,000. Koma zopita ku maiko a malamulo okhwima adaziika DPF, sefa ya m'paipi ya utsi yomwe imagwira mwaye. Sefayo ikadzadza, kompyuta imathira dizilo woonjezera kuti utsi utenthe kufika cha m'ma madigiri 600 ndi kuwotcha mwayewo. Ulendo wanu wa mphindi zisanu sufikitsa kutentha kumeneko. Kuwotchako kumayamba, inu n'kuzimitsa injini, ndipo dizilo wosapsa amatha kutsikira mu oyilo wa injini. Solorani choyezera oyilo: ngati wakwera kuposa mzere wapamwamba ndipo akununkha dizilo, sinthani lero lomwe.

Nyali ikangoyaka, lowani msewu wa ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay, muyende mosadukiza pa liwiro loposa 60 kwa mphindi 20 mpaka 30, kufikira itazima. Chitani ulendo wotere kamodzi pa sabata ngakhale isanayake. Ngati galimoto yanu ili ndi batani lowotchera itaima, imikani pa dothi kapena pa simenti, kutali ndi udzu wouma. Kompyuta ikawerenga P2463, nambala yosonyeza kuti sefayo yadzaza mwaye, ndipo galimoto yakana kuthamanga, pakufunika makaniko woti alamule kuwotchako ndi kompyuta, kapena achotse sefayo akaitsuke.

Oyilo akhale wa phulusa lochepa, wolembedwa ACEA C2 kapena JASO DL-1. Oyilo wa 15W-40 wa malole amasiya phulusa lomwe silipsa, ndipo limatseka sefayo mpaka kalekale. Onaninso sefa ya mpweya kuti yakhala bwino m'bokosi mwake, chifukwa fumbi likadutsa m'mbali limadetsa kachipangizo koyeza mpweya, injini n'kuyamba kutulutsa mwaye wambiri. Ena adzakuuzani kuti angoboola DPF ndi chitsulo. Musalole, poti masensa amazindikira ndipo galimoto imatsekereza mphamvu kuposa kale. Mukadzafuna Hilux ina yoyendera m'tauni mokha, funsani kaye ngati ili ndi DPF musanalipire, chifukwa zopangira msika wa ku Ulaya ndi zopangira kuno ku Africa sizifanana ngakhale zonse zitatuluka ku fakitale imodzi ya ku Durban.