Mwana akufuna kuona nyenyezi ku Cape Town, ndigule telesikopu?

Mchemwali wina amene akukhala ku Bellville ku Cape Town wanditumizira imelo. Akuti kwawo ndi ku Ntcheu, ku Joni adapita kukagwira ntchito, ndiye mwana wawo wazaka 11 zakuthambo zamulowa mmutu moti tsiku lililonse ndi mafunso okhaokha. Akufunsa kuti agule kodi telesikopu yotchipa imene aiona mushopu ina, nanga mutauni ya magetsi ponseponse munthu angaone chani, komanso alipo malo amene anthu wamba amakaphunzirako zimenezi.

Achemwali, telesikopuyo musagule kaye, ndalamayo isungeni. Timatelesikopu ta mmashopu a zidole timabwera ndi katoni yokongola yolembedwa kuti imakulitsa zinthu ka 500, koma chofunika pa telesikopu si chimenecho ayi, chofunika ndi kukula kwa galasi lake chifukwa ndilo limatolera kuwala, komanso miyendo yolimba. Miyendo ikakhala yagwedegwede mukangoikhudza pang'ono chinthu chija chathawa, ndiye poti dziko likuzungulira, ngakhale mutachipeza chimatuluka chokha mugalasimo posachedwa. Mwana amavutika usiku umodzi, wachiwiri, kenako basi yapita pansi pa bedi ndipo iye watsimikiza kuti zakuthambo nzovuta. Zimenezo ndiye zimandipweteka mtima.

Inutu muli ndi mwayi waukulu umene ambiri alibe. Dera lija la ku Cape Town komweko limatchedwa Observatory, ena amangoti Obz, dzinalo lidachokera ku malo oonera nyenyezi amene adakhazikitsidwa mu 1820, pano ndi likulu la South African Astronomical Observatory, mwachidule SAAO. Anthu amenewa amatsegula geti kwa aliyense Loweruka lachiwiri ndi lachinayi la mwezi, kuyambira 8 koloko usiku. Pamakhala katswiri wofotokoza nkhani imodzi, kenako amakuonetsani malowo, ndipo kumwamba kukakhala kopanda mitambo mumaima pamzere nkusuzumira mu telesikopu zenizeni. Musanapite yambani mwaona patsamba lawo la pa intaneti zobukitsa malo, komanso konzeranitu thiransipoti yobwerera poti zimatha usiku, bola kupangana ndi anzanu atatu anayi nkusonkherana galimoto imodzi. Ndi pamalo pomwepo pamene katswiri wa zakuthambo Thomas Henderson adayeza nyenyezi ya Alpha Centauri cha mu 1832 ndi 1833, miyezo imene idathandiza kudziwa mtunda wake. Ngakhale mzinga uja umalira 12 koloko masana ku Signal Hill, chizindikiro choti uombe chimachokera ku SAAO konko, mwana mukamuuza zimenezo aziumva mwina.

Ndiye pali gulu la anthu ongokonda zakuthambo, Astronomical Society of Southern Africa, ASSA, lidayamba mu 1922 ndipo lili ndi nthambi ku Cape Town, Johannesburg, Pretoria, Durban ndi mmizinda ina. Si maprofesa okhaokha ayi, muli aphunzitsi, opuma pantchito, ana asukulu. Ndikudziwa chimene chimatigwira ife obwera, timati aaa kumeneko nkwa azungu, Chizungu changa nchoduka, ndikafunsa funso lopusa andiseka. Achemwali pitani basi. Munthu amene wanyamula telesikopu yake yolemera nkuiimika panja kukuzizira, chimene akufuna nchoti wina asuzumiremo adabwe, ndipo mwana wofunsa mafunso ambiri ndi amene amamukonda kwambiri. Kumeneko ndi kumene mudzayesere ma telesikopu osiyanasiyana musanaononge ndalama, mwinanso mudzamva za yogwiritsidwapo kale imene wina akugulitsa. ASSA imatulutsanso buku chaka chilichonse, Sky Guide, lofotokoza zimene zioneke mwezi ndi mwezi kuno kummwera kwa Africa. Tsiku la mvula mupite naye ku Iziko Planetarium pafupi ndi Company's Garden, amaonetsa thambo lonse padenga lozungulira muli chikhalire pampando.

Za magetsizo nzoona, amabisa zambiri. Mlalang'amba uja timauona mbee kumudzi mu Julaye, ku Bellville muiwale. Koma mwezi ndi mapulaneti sizisamala za magetsi. Nthanda imawala bwinobwino, Jupiter chimodzimodzi, Saturn ndi Mars zimaonekanso ndi maso enieni. Kusiyanitsa kwake nkosavuta, nyenyezi zimaphethira pomwe pulaneti kawirikawiri imangowala phee. Ikani apu ya Stellarium pafoni, ilipo yaulere, mukauza malo amene muli imakuonetsani dzina la chilichonse chili kumwambako.

Ngati mukufuna kugula kanthu panopa, gulani bainokyula ya 10x50. Ija 50 ndi kukula kwa magalasi akutsogolo mmamilimita, 10 ndi kukulitsa kwake. Mwana atsamiritse zigongono pakhoma kapena padenga la galimoto kuti manja asanjenjemere, aloze Jupiter, aona timadontho mpaka 4 tili pamzere pambali pake, ndi miyezi yake imeneyo, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo adaiona mu 1610. Ajambule mukope mmene yakhalira, mawa aonenso, apeza kuti yasuntha. Kwa ine palibe phunziro loposa limenelo chifukwa mwana amadzionera yekha kuti zinthu kumwambako zikuyenda, sanachite kuuzidwa. Mwezi nawo musadikire kuti ukhale wathunthu, ukakhwima umathobwa mmaso ndipo umaoneka wosalala. Nthawi yabwino ndi pamene uli theka, yang'anani pamalire a kuwala ndi mdima, maenje ndi mapiri amaoneka bwino pamenepo chifukwa cha zithunzithunzi zake. Mphete za Saturn zokha ndiye zimafuna telesikopu, zimenezo akaone ku SAAO. Chimodzi chokha mumuuzitse mwamphamvu, asadzayerekeze kuloza dzuwa ndi bainokyula, maso amapsa nthawi yomweyo ndipo sachira.

Nyengo ya ku Cape ndi yotembenuka poyerekeza ndi kwathu, mvula imagwa Juni mpaka Ogasiti, ndiye miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale ndi imene thambo limayera ngakhale mphepo imavuta. Nthawi imeneyo madzulo Akamwiniatsatana amakhala pamwamba, Nsangwe chakumpoto, zomwezija agogo ankatilozera pabwalo. Usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala kumagwa nyenyezi zothothoka zambiri, amati ma Geminids, sizifuna chida chilichonse, mphasa ndi bulangete basi. Chakummwera kuli Southern Cross, nyenyezi zooneka ngati mtanda, ku Malawi nyengo zina imalowa osaoneka koma ku Cape Town imangozungulira osalowa chaka chonse, ndipo pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala, yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri ija, kuwala kwake kumatenga zaka zoposa 4 kuti kutipeze. Mukatuluka panja zimitsani getsi lapakhonde, foni muichepetse kuwala, mupatse maso mphindi 20 kapena 30 azolowere mdima. Koma chonde zopita nokha ndi mwana kumalo amdima kunja kwa tauni usiku ayi, dikirani ulendo wa gulu.

Mwafunsanso ngati zimenezi zili ndi tsogolo. Ku South Africa zilipo ndithu. Ku Sutherland, mchigawo cha Northern Cape, kuli telesikopu ya SALT imene idatsegulidwa mu 2005, galasi lake ndi la mamita pafupifupi 11 lopangidwa ndi tizigawo 91, ndipo alendo amaloledwa kukaona, kungoti kumazizira koopsa mutenge majekete. Pafupi ndi Carnarvon kuli MeerKAT, madishi 64 omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ndipo mu Ogasiti 2024 msonkhano waukulu wa International Astronomical Union, bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, udachitikira ku Cape Town komweko, koyamba mu Africa. Malo ngati amenewa amafuna mainjiniya, a zamakompyuta, a masamu, ndiye masamu ndi sayansi kusukulu asazitaye. Pa 25 Novembala 2030 kudzakhala kadamsana wa dzuwa wathunthu amene adzadutse Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho, mwana wanuyo nkuti ali ku sekondale. Koma poyambira ndi Loweruka lija ku Obz, mukabwerako mundilembere zimene waona, tidzakambirane bwino za telesikopu yoyenera kugula.