Ukubwera ku casualty kuno kunyanja? Yamba waphunzira kuona mzere

Sabata yatha ndalandira imelo ya mnyamata wina amene akuphunzira za ukiliniko ofisala, akuti amutumiza kuno ku Salima kudzachita attachment ndipo mtima wake uli phaa ndi casualty. Funso lake linali loti "bwana, ndi matenda ati amene ndikakumane nawo kwambiri, nanga ndizolowere chani msanga kuti ndisakachite manyazi?" Ndati ndiyankhire pano kuti anzake aonenso.

Mphwanga, za manyazi zisiye kaye. Chimene ndimafuna wophunzira aliyense adziwe asanaloweze mayina a matenda ndi kuona mzere. Mmawa pa benchi pamakhala amayi ambirimbiri ndi ana kumsana, ena akulira mpaka makutu kuwawa, koma wondiopsa ine ndi uja ali zii. Tsiku lina ndikudutsa ndinaona mayi atakhala kumapeto kwenikweni, buku la kuchipatala lili mmanja, akudikira nthawi yake mwaulemu, nditavundukula chitenje ndinapeza mwana maso atatembenuzika, kamwa likutafunatafuna, manja ali lendee. Mayiwo anangoti "wagona adokotala, usiku walira kwambiri". Sanagone, amakomoka. Ndiye ETAT, ndondomeko yosankhira ndi kuthandiza msanga ana odwala mwakayakaya, uyidziwe ngati dzina lako: imayang'ana njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, kukomoka, kutha madzi mthupi. Komanso dziwa kuti ndi yathuyathu, inakulira ku Queens ku Blantyre ndi a Professor Elizabeth Molyneux, WHO nkudzayisindikiza mu 2005.

Tsono matenda. Kuno malungo ndiye mfumu, makamaka mvula ikayamba mpaka cha mu Epulo. Mwana wakomoka, usathamangire kulemba, mugoneke chammbali, yeza shuga pompo, ngati watsika kapena glucometer ilibe ma strip mupatse madzi a shuga a dextrose 10% pa 5 ml pa kilo. Ana ambiri amatsitsimuka ukuona ndi maso ako ndi shuga yekhayu, ndipo zimandiwawa kuti ndi chinthu chomwe timaiwala kwambiri tikapanikizika. Ngati akugwedezekabe diazepam wa kumbuyo, 0.5 mg pa kilo. Kenako artesunate, jekeseni ya malungo aakulu, 2.4 mg pa kilo, koma mwana wosakwana makilo 20 ndi 3 mg pa kilo, pa ola 0, 12 ndi 24. Umuike pa sikelo, osamangoyerekeza ndi maso. Yang'ana zikhatho ndi mkati mwa zikope, zikayera mbuu thamangitsa Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, ikakhala pansi pa 4 ameneyo akufunika magazi basi. Blantyre Coma Score, muyezo wa kukomoka kwa mwana, nayonso uzilemba, imayambira 0 mpaka 5.

Chibayo chimafuna kuwerenga mpweya mphindi yathunthu, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 ndiye kuti akupuma mothamanga, wa chaka chimodzi mpaka 5 ndi 40, ndipo vula malaya uone ngati nthiti zikulowa mkati. Okosijeni usachite kudikira wina akuuze.

Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa zambiri ife a mmbali mwa nyanja, Salima, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay. Munthu amabwera maso atalowa, khungu ukalitsina likungoima, mitsempha yonse yathawa, ndiye apa ndi pomwe kanyula imaonetsa amene anayeserera ndi amene amangoonerera. Pempha anesi akuphunzitse, ena mwa iwo amapeza mtsempha pa kamwana konyentchera ngakhale magetsi atazima, uziwapatsa ulemu wawo ndipo uzibaya tsiku lililonse mpaka dzanja lisiye kunjenjemera. Plan C, ndondomeko ya wodwala amene watha madzi kwambiri mthupi, uyiloweze, dilipi ya Ringer's 100 ml pa kilo, koma chonde mwana woperewera zakudya mthupi usamuthire dilipi ngati mpopi, mtima wake sungapirire.

Madzulo ndi kumapeto kwa mwezi ndi za ngozi, njinga zamoto za kabaza pa M5 anthu atatu pa njinga imodzi opanda helemeti. Mwendo wothyoka umakopa maso chifukwa ndi umene abale akuloza, koma yamba ndi mpweya, gwira khosi lisagwedezeke, finya pomwe pakutuluka magazi, gwiranso mimba chifukwa magazi ena amatayikira mkati mwakachetechete. Za ng'ona, njoka ndi omira mmadzi uzionanso, asodzi ndi ochapa kunyanja ndi odwala athu. Bala la ng'ona limatsukidwa kwambiri ndipo silisokedwa msanga, osaiwala jekeseni ya kafumbata. Mayi wotaya magazi atachira yekhayo ndiye kuwa ndithu, itana aliyense ali pafupi.

Wandifunsanso za kutumiza odwala ku Central. Kuchoka ku Salima kukafika ku Kamuzu Central ndi makilomita pafupifupi 100 ndipo msewu wake ndi wa zitunda, ndiye wodwala asakwere ambulansi kanyula isanalowe, dilipi ikuyenda, shuga atayezedwa, ndipo ulembe mubuku mankhwala onse ndi nthawi yomwe wapereka kuti anzathu uko asabwereze kapena kudumphitsa dozi. Ukamabwera utenge wotchi ya masekondi, katochi kakang'ono ndi kope lolowa mthumba, tsiku loyamba tikayambira pa benchi 7 koloko.