Kodi masewera ogulidwa kwambiri ndiwo okonzedwa bwino?

Mwafunsa, achimwene, mmene ndimasankhira masewera a patebulo amene ndimapikula ku Johannesburg, komanso ngati kuyenda malonda kwa masewera ena kuli umboni wakuti amene anawakonza anaganiza mozama.

Katunduyu amabwera pa basi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pachipata cha Mwanza, pamene a MRA amawerengera msonkho. Bokosi la Monopoly ndi lalikulu ndipo limadya malo, pomwe mapaketi ambirimbiri a Uno amakwana m'chikwama chimodzi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mpamba sumachedwa kusungunuka, choncho sindingaike ndalama pa chinthu chokakhalitsa pashelefu. N'chifukwa chake ndimatenga zimene anthu akuzidziwa kale, monga Ludo, Uno, tchesi ndi Monopoly.

Komatu wogula nthawi zambiri amakhala kholo lofuna mphatso ya Khirisimasi, limene limalipira lisanasewerepo n'kamodzi komwe, kotero chimene lagula ndi dzina lodziwika. Monopoly anayamba kuigulitsa a kampani ya Parker Brothers mu 1935, koma gwero lake ndi The Landlord's Game ya Lizzie Magie ya mu 1904, imene anaikonza pofuna kuonetsa mmene eni malo amadyera masuku pamutu anthu a lendi. Khalidwe limenelo likadalimo: woyamba kulemera amangolemererabe, ndipo amene ndalama zamuthera amatuluka n'kumaonerera anzake kwa nthawi yaitali, wopambana atadziwika kale. Kwa ine, kumeneko si kukonza kwabwino. Catan ya Klaus Teuber, imene inatuluka ku Germany mu 1995, inapewa vuto limeneli, pakuti palibe amene amatuluka masewera asanathe, ndipo munthu amatha kulandira zinthu ndi kusinthana ndi mnzake ngakhale nthawi yoponya dayisi si yake. Komabe sindimaibweretsa, chifukwa ndi yodula ndipo dzina lake kuno n'lachilendo.

Pali kutchuka kwina kumene ndimakulemekeza. Bawo salengezedwa pawailesi ndipo alibe kampani yomukankha, koma pamisika ndi pansi pa mitengo abambo amabwerera tsiku ndi tsiku ku mabowo 32 ndi nkhomo 64, popanda dayisi, wina aliyense akudalira kuwerenga kwa mutu wake. Amenewa ndi anthu amene anasewera, anagonja, n'kufunabe kubwereza, ndipo umboni wawo ndi wolemera kuposa malisiti anga a mwezi wa December.

Choncho ndikamalemba zokapikula ulendo wotsatira, ndimayang'ana amene abweranso kudzafunsa dayisi wa Ludo yemwe wasowa, kapena paketi yatsopano ya Uno chifukwa makhadi akale ang'ambika ndi kusewera. Wogula Monopoly sindimamuonanso kawirikawiri, ngakhale kuti mabokosi ake ndimabweretsabe chaka chikamatha.