Kodi kachasu angayendetse njinga yamoto?

Funso: Ndine wakabaza wa njinga yamoto kuno ku Nkhotakota. Mafuta akasowa timagona pamzere, ndipo mnzanga wina anandiuza kuti petulo amene timagulayu ali kale ndi mowa wa ku Dwangwa. Azakhali anga amatcheza kachasu woyaka ndi machesi. Nditathira mutu wake m'thanki, kodi njinga siingayende? Wakabaza, Nkhotakota.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sananame. Kuyambira 1982, fakitale ya Ethanol Company ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol, mowa weniweni umene umapezekanso m'kachasu, wosakaniza ndi petulo, ndipo mu 2004 kampani ya PressCane inayambanso ntchito yomweyo ku Chikwawa. Onsewa amagwiritsa ntchito molasesi, manyuchi akuda aja otsala akamapanga shuga wa nzimbe.

Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale zaka zambiri, ndipo ana akamavutika kumvetsa phunziroli ndinkawakumbutsa za mbiya ya kachasu. Agogo anga ankaviika madeya ndi shuga n'kuzisiya masiku angapo mpaka thovu litatuluka. Thovu limenelo ndi ntchito ya yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya wa carbon dioxide. Ku Dwangwa amachita zomwezo, kungoti m'mathanki akuluakulu, ndi yisiti wosankhidwa bwino. Yisitiyo ali ndi malire ake: mowa ukayandikira magawo 15 pa 100 alionse, iye mwini amafooka n'kufa. Ndiye pamafunika kutcheza. Ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100, choncho mukatenthetsa, nthunzi yoyamba kukwera imakhala ya mowa wambiri. Imadutsa m'paipi yozizira n'kumadontha m'botolo. Mutu uja ndi umenewu.

Vuto lanu lagona pa madzi. Mutu wa azakhali, ngakhale uyake ndi machesi, umakhalabe ndi madzi ochuluka. Ngakhale makina a kufakitale, kutcheza kokha kumathera pa magawo a mowa pafupifupi 96 pa 100, madzi otsalawo amakakamira, ndipo amawachotsa podutsitsa ethanol m'timibulu tapadera toyamwa madzi mpaka apitirire magawo 99. Amavutikiranji chonsecho? Mowa wamadzi ukakumana ndi petulo, zimapatukana. Madzi ndi mowa zimatsikira pansi pa thanki, pomwe paipi ya njinga yanu imakokera. Injini imatsokomola n'kuzima, thanki imachita dzimbiri, kabuleta imatsekeka. Ndalama ya ulendo umodzi mwaipulumutsa, koma ya mlungu wonse mukaisiya kwa makaniko.

Ngakhale ethanol woyera weniweni, payekha njinga yanu sangaikomere. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, ndiye kabuleta iyenera kusinthidwa kuti izilowetsa mafuta ambiri, ndipo timalabala tina timafewa n'kung'ambika. Ku Brazil anayamba pologalamu yawo ya Proálcool, yoyendetsa magalimoto ndi ethanol, mu 1975, ndipo kuyambira 2003 amagulitsa magalimoto otha kuyendera petulo kapena ethanol, koma injinizo anazipangira zimenezo kuchokera kufakitale.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji osangopanga ethanol wambiri kuti mizere ithe. Molasesi amadalira nzimbe zogayidwa chaka chimenecho, ndipo zigayo za shuga zimaima nyengo ya dzinja. Ku America amapanga ndi chimanga, koma ine sindingavomereze kuti chimanga chathu chizipita m'thanki anthu akugona ndi njala. Mapesi ndi makoko a nzimbe alinso ndi shuga, koma womangika zolimba moti yisiti sangamudye mpaka atamasulidwa ndi mankhwala odula.

Kachasuyo asiyireni azakhali ndi makasitomala awo. Ndipo petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, yambani mwamuthira m'botolo loonekera n'kudikira pang'ono. Mukaona mzere wogawa pansi ndi pamwamba, muli madzi, musathire.