Mapangano atatu asainidwa, nanga mantha akuchokera kuti?

Wowerenga wina wa ku Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique, watitumizira imelo. Akuti: "Frelimo ndi Renamo anasainirana za mtendere mu 1992, mu 2014 ndi mu 2019. Nanga bwanji chisankho chikayandikira anthu kuno ku Angónia amayamba kuyang'ana njira ya ku Dedza?"

Bambo, funso lanu akatswiri a ndale analiganizira kale. Johan Galtung wa ku Norway anasiyanitsa mitendere iwiri: wongoti mfuti zaleka kulira, ndi wina umene zoyambitsa mkangano zathetsedwa. Pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, la pulezidenti Chissano wa chipani cholamula cha Frelimo ndi Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo imene inkamenyana ndi boma, linabweretsa woyambawo. Lamulo limene linatsatira panganolo linakhululukira onse osafunsa kuti anapha ndani, koma paja mlandu suola.

Gwero lenileni ndi lakuti wopambana amatenga zonse. Mu 2014 Dhlakama anapeza mavoti ambiri kuno ku Tete, koma bwanamkubwa wa chigawo anasankhidwa ndi pulezidenti ku Maputo. Renamo inati ilamulira zigawo zisanu ndi chimodzi mokakamiza, mfuti zinaliranso, ndipo mu 2016 anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi.

Arend Lijphart wa ku Netherlands amati dziko logawanika limafuna zinthu zinayi: magulu akuluakulu akhale limodzi m'boma, maudindo ndi ndalama zigawidwe molingana ndi kuchuluka kwa anthu, dera lililonse liziyendetsa zake, ndipo ochepa akhale ndi mphamvu yokana lamulo lowapweteka. Mozambique inayesa chachitatu chokha, nachonso mwatheka. Malamulo atasinthidwa mu 2018, bwanamkubwa anayamba kuchokera ku chipani chopambana m'chigawo. Koma pambali pake anaikapo Secretário de Estado, woimira boma la ku Maputo m'chigawo, wosankhidwa ndi pulezidenti, ndipo ndalama zimachokerabe ku Maputo. Atambala awiri m'khola limodzi, chimanga chili ndi mmodzi. Mu 2019 Frelimo inatenga zigawo zonse, choncho njirayi sinayesedwe n'komwe ndi bwanamkubwa wotsutsa.

Sitikunena kuti njira ya Lijphart ilibe vuto. Ku Lebanon inakhomerera magawano a zipembedzo mpaka boma kumalephera kuyenda. Komanso kugawanika kwathu kuno si kwa mitundu kwenikweni, ndi kwa amene akudya ndi amene akungoonerera. Magetsi a damu la Cahora Bassa amapita ku South Africa, malasha a Moatize amakwera sitima, pamene amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malashawo anachita kutseka njanji mu 2012 kuti amvedwe.

Nkhondo ya m'tchire ngati yakale ija ndi yovuta kubwerera, poti msasa womaliza wa Renamo unatsekedwa mu 2023. Zionetsero za pambuyo pa chisankho cha 2024 zinali za achinyamata a m'matauni, amene sanasaine nawo pangano lililonse. Chisankho chikubwerachi, bambo, mudzaone ngati pepala la zotsatira lamatidwa pa malo oponyera voti, ndiponso ngati manambala ake akufanana ndi amene alengezedwe kuboma.