Waya ayi achemwali, pamenepo pakufunika mabawuti

Achemwali, mwati mwaika chitsulo chachikulu chija cha I-beam pakhonde la nyumba yanu ku Senga Bay, ndipo akalipentala anu akufuna kungomangirira matabwa a denga ndi waya poti msomali sungalowe pachitsulo. Mwafunsa ngati zili bwino. Chonde musalole. Ine ndakhoma madenga kuno ku Salima zaka zambiri, ndipo khonde loyang'ana kunyanja ndimaliopa kuposa malo ena onse panyumba.

Ambiri amaganiza kuti denga limangolemera chotsika, ndiye thabwa likakhala pachitsulo basi zatheka. Koma chimene chimasasula madenga kuno ndi mphepo yolowera kunsi. Mwera ukamakuntha mu June ndi July, kapena mkuntho uja wobwera ndi mvula yoyamba, mphepo imadzaza pakhonde n'kumanyamula malata chokweza. Waya tsiku loyamba amagwira ndithu, koma thabwa likamauma limachepa, wayayo amakhwepa, denga n'kuyamba kugwedera pang'onopang'ono mpaka tsiku lina. Ndinazionapo cha ku Chipoka: malata onse a khonde, mapaso ake ali pomwepo, atagona m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba. Pachitsulo panangotsala timawaya topotoka, tadzimbiri. Mwayi wake munali usiku, ana anali m'nyumba.

Chimene ndimachita ine ndi ichi. Ndimagoneka thabwa limodzi pamwamba pa chitsulocho kuchokera uku mpaka uko, la 2x4 kapena 2x6 malinga ndi kutambalala kwa chitsulo, n'kulimanga ndi mabawuti. Thabwa limeneli likagwira, akalipentala ali pantchito yawo ya masiku onse: amakhoma mapaso pamenepo ndi misomali, n'kukulunga ndi hoop iron, kachitsulo kopyapyala kaja konga lamba.

Mabowo muboole pa mapiko a pamwamba, kutanthauza mbali yotambalala ija pogona thabwa, pakatikati pa mphepete ndi msana woimirira wa pakati pa chitsulo, osati kumphepete kwenikweni. Atalikirane masentimita 60, mosinthanitsa, ili kumanzere linalo kumanja, kuti thabwa lisang'aluke motsata mzere umodzi komanso lisapindike. Bawuti ya mamilimita 10 kapena 12 imakwana, bowo likule kuposa bawutiyo ndi milimita imodzi kapena awiri. Pathabwa ikani washala wotambalala, chifukwa paini ndi wofewa, mutu wa bawuti umangomira n'kusiya kugwira.

Apa mpamene ndimakangana ndi anzanga owotcherera. Ambiri akaona kuti chitsulo n'chokhuthala amangotenga rodi n'kuboola ndi moto, mphindi ziwiri atha. Bowo lotero limatuluka lokumbika, lalikulu mbali ina, ndipo bawuti imasewera m'menemo. Auzeni abwere ndi dirilo, aboole mosathamanga, akudonthezera oyilo kuti msonga isapse. Zimadya nthawi, makamaka magetsi akathima n'kumadalira jenereta, koma ndi ntchito ya tsiku limodzi panyumba yoti mukhalamo mpaka zidzukulu. Ndipo mapiko a pansi asawakhudze, makamaka chapakati pa chitsulo, chifukwa mpamene chimakokeka kwambiri chikasenza katundu. Ngati pali chifukwa choti pabooledwe, ayambe aona injiniya.

Ngati simukufuna kuboola chitsulo chachikulucho, njira ina ndi kuwotchererapo tizidutswa ta angle iron, chitsulo chopindika ngati L chija, toboola kale, toimirira pamwamba, kenako thabwa n'kumangidwa pambali pake ndi bawuti. Iyinso ndi yolimba bola wowotchererayo akhale wodziwa, ndipo amalize ntchito ya moto thabwa lisanakwere. Masikuluwu odziboolera okha aja ndi a pazitsulo zopyapyala, pa I-beam yokhuthala ambiri amangothyoka.

Tsono za thabwalo. Paini wambiri amene timagula kuno, kaya wa ku Chikangawa kaya wa kwina, amafika ali wamuwisi. Mukamunyamula mumamva kulemera, mukakhoma msomali madzi amatuluka. Muyaleni pamthunzi aume kaye, mwaika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Ngakhale atauma, pakatha miyezi itatu kapena inayi wina akwere ndi sipanala akalimbitsenso manati onse. Mudzadabwa kuti ena akuzungulira ndi zala.

Chiswe cha kuno mukuchidziwa, ndiye thabwa lipakidwe mankhwala mbali zonse, ndi m'mabowo momwe, lisanagonekedwe, poti mbali yoyang'ana kuchitsulo simudzaifikanso. Mukagula matabwa obiriwira aja omwetsedwa kale mankhwala, dziwani kuti mankhwala ake ali ndi kopa amene amadya chitsulo wamba pakakhala chinyezi. Pamenepo gulani mabawuti a galvanised, okutidwa kuti asachite dzimbiri msanga, ndipo pakati pa thabwa ndi chitsulo muyale pulasitiki wakuda wa DPC. Chitsulocho chipakidwe penti ya red oxide mukatha kuboola, kuti ndi m'mabowo momwe mulowe penti.

China chimodzi achemwali, poti simunachitchule: chitsulocho chagwira bwanji pazipilala? Ngati anangochikhazika pamwamba pa njerwa n'kumata ndi simenti, mphepo idzanyamula denga ndi chitsulo chomwe. Chiyenera kuwotchereredwa kapena kumangidwa pa mbale yachitsulo yozikika mu konkire. Jambulani nsonga zonse ziwiri, muyezenso kukhuthala kwa mapikowo, muponye pagulu pompano tione akalipentala asanakwere.